Vinyo wa Port wa zaka 10 amene ndinatsala pang'ono kumuweruza molakwa

Botolo limene ndikufuna kukamba lero ndi la vinyo wa ku Portugal wotchedwa Port, wa mtundu wa tawny, womwe umakhwimira m'migolo yamatabwa, amene pa pepala lake panalembedwa kuti zaka 10. Ndinasankha ameneyu chifukwa pakati pa vinyo yense wokhalitsa m'migolo, ndi mmodzi mwa amene munthu wamba angagule osaboola m'thumba, pomwe wa zaka 20 kapena 30 mtengo wake umafuna kuti munthu ayambe waganiza kawiri. Dzina la kampani sinditchula, popeza zina mwa zimene ndinene ndi zodandaula, ndipo gawo lina la vutolo linali langa.

Tsiku loyamba ndinalakwitsa. Botolo linali litakhala pashelefu tsiku lonse kunja kukutentha, ndipo madzulo ndinangolitsegula n'kuthira mu tambula yaikulu ngati ndikuthira vinyo wamba. Chimene chinayamba kufika m'mphuno chinali ukali wa mowa, wolasa ngati mankhwala opukutira bala, ndipo nditamwa, kutsekemera kunakakamira m'kamwa pamene kukhosi kunali moto. Ndinalemba m'kabuku kanga mawu awiri okha, akuti "shuga" ndi "ukali", ndipo ndinagona ndikudandaula ndalama zanga.

Kuti munthu amvetse chimene chinachitika madzulo amenewo, ayenera kudziwa mmene vinyoyu amapangidwira. Mphesa zake zimalimidwa m'mapiri otsetsereka a m'chigwa cha mtsinje wa Douro, dera limene malire ake anaikidwa mwalamulo mu 1756 pa nthawi ya Marquês de Pombal, nduna yaikulu ya dziko la Portugal, ndipo mitundu ya mphesa yodziwika ndi monga Touriga Nacional, Touriga Franca, Tinta Roriz ndi Tinta Barroca. Madzi a mphesa akayamba kuwira, sawalola kuti amalize. Pakangotha masiku awiri kapena atatu, yisiti isanadye shuga yense, amathiramo mowa wotchezedwa kuchokera ku mphesa womwe ukali wake ndi 77 peresenti, pafupifupi malita 115 pa malita 435 a vinyo. Yisiti imafa pomwepo, shuga wotsala amakhala momwemo, ndipo vinyo amatuluka ndi ukali wa pakati pa 19 ndi 22 peresenti komanso shuga wokwana pafupifupi magalamu 100 pa lita imodzi. Chakumwa chotere chikafunda, mowa ndi umene umayamba kuuluka n'kuphimba fungo lina lonse, ndipo shuga amamveka wolemera kuposa mmene alili. Zinthu ziwiri zimene ndinalemba m'kabuku zija zinalimodi m'botolo, koma ndinazipatsa ndekha mpata woti zilamulire.

Tsiku lachiwiri ndinaika botolo mufiriji kwa kanthawi mpaka linafika pa madigiri pafupifupi 13, ndinatenga tambula yaing'ono yopanikiza kukamwa, ndipo ndinathira pang'ono chabe. Ndisanamwe ndinaipendeketsa pamwamba pa pepala loyera. Pakati pake vinyo anali wofiirira ngati njerwa yowotcha bwino, koma chakumphepete mtunduwo unkasuluka n'kukhala wa lalanje wotuwira, ndipo kuwala kunkadutsa mosavuta moti ndinkatha kuwerenga zilembo za pansi pake. Kusulukaku ndi kumene dzina loti tawny limanena. Vinyo wotere amasungidwa m'migolo yamatabwa ya malita pafupifupi 550 mpaka 600, yambiri mwa iyo m'nyumba zosungiramo vinyo za ku Vila Nova de Gaia, tsidya lina la mtsinje moyang'anana ndi mzinda wa Porto, kumene mpweya wochokera kunyanja umakhala wozizira ndi wachinyezi kusiyana ndi kumtunda. Matabwa amalowetsa mpweya pang'onopang'ono, kufiira kwa mphesa kumakhazikika pansi, ndipo chaka chilichonse vinyo wina amauluka, otsalayo n'kumakhathamira. Migolo yake amasankha yakale dala, kuti fungo la thabwa latsopano lisalowerere.

Fungo linali lina ndithu kusiyana ndi la dzulo lake. Poyamba kunabwera mphesa zouma ndi nkhuyu zouma, kenako mtedza wokazinga, ndipo nditazunguza tambula kangapo kunatulukira kafungo ka khungu la lalanje ndi shuga wopsereza pang'ono pamoto. Chimene chinandisangalatsa kwambiri n'chakuti pansi pa zonsezi kunali kukumvekabe chipatso chofiira chimene sichinaumiretu. Apa ndi pamene ndimaona ubwino wa vinyo wa zaka 10: ali pakati pa ulendo, ubwana sunamuchokeretu koma ukalamba wayamba kumveka. Ena amaona zimenezi ngati kupelewera, ndipo amati wa zaka 20 ndiye weniweni. Ine sindikana kuti wa zaka 20 ndi wosalala kwambiri, koma chipatso chimenechi amakhala atachitaya, ndipo ndikachisowa ndimachikumbuka.

M'kamwa, funso langa pa vinyo aliyense wotsekemera limakhala limodzi: kodi muli kuwawasa kokwanira kunyamula shugayo? Popanda kuwawasa, kumwa kachiwiri kumakhala ntchito. Vinyoyu anapambana pamenepa. Kutsekemera kunkabwera koyamba n'kudzaza lilime, koma kusanafike potopetsa, m'mbali mwa lilime munkadzuka kuwawasa kofatsa kumene kunkatsuka m'kamwa n'kusiya kakomedwe ka mtedza. Pamene anapelewera ndi pomaliza. Nditameza, kukoma kunkazimiririka msanga, ndipo chotsalira kukhosi chinali kutentha kwa mowa kumene sikunagwirizane bwinobwino ndi zinazo, ngati mlendo amene wakhala nawo pagulu koma sakulowa nawo m'nkhani. Kuziziritsa kunachepetsa vutoli koma sikunalithetse, choncho ili ndiye ndikuliika pa vinyo mwiniwake osati pa ine.

Nambala 10 ija imasokoneza anthu ambiri, ndipo inenso kale ndinkaganiza kuti ikutanthauza kuti mphesa zonse zinathyoledwa chaka chimodzi zaka khumi zapitazo. Zoona zake n'zakuti vinyoyu ndi wosakaniza wa zaka zosiyanasiyana, wina wamng'ono wopatsa chipatso, wina wamkulu wopatsa fungo la mtedza, ndipo akatswiri olawa a bungwe la Instituto dos Vinhos do Douro e do Porto, loyang'anira vinyo wa Port, ndi amene amavomereza kuti kakomedwe kake kakufanana ndi ka vinyo wa msinkhu umenewo asanalole kuti nambalayo ilembedwe. Amene akufuna vinyo wa chaka chimodzi chokha ayenera kufunafuna wolembedwa kuti Colheita, amene amakhala m'migolo zaka zosachepera 7. Kusakanizaku sindikuona ngati chinyengo, chifukwa ndi luso limene limachititsa kuti botolo la chaka chino lifanane ndi la chaka chatha, ndiponso ndi chimene chimathandiza kuti mtengo usakwere mopitirira.

Pali nambala ina yaing'ono imene ndinaiona mochedwa, kuseri kwa botolo: chaka chimene vinyo anathiridwa m'botolomo. Langa linali litatha zaka zinayi chithiridwireni. Vinyo wa tawny amamaliza kukhwima ali m'mgolo, ndipo akalowa m'botolo sapitirira kukoma monga amachitira Vintage Port, mtundu wina wa Port umene umakhwimira m'botolo, koma amayamba kutaya kutsitsimula kwake pang'onopang'ono. N'chifukwa chake chotsekera chake chimakhala chachifupi chokhala ndi kamutu kogwira ndi zala, chopangidwira kutsegula ndi kutseka, osati kugoneka botolo zaka zambiri. Ndikukayikira kuti kufupika kwa kukoma kuja mbali ina kunachokera pa zaka zinayi zimenezi, ndipo ulendo wina ndidzayamba ndatembenuza botolo ndisanapereke ndalama.

Tsiku lachitatu ndinaika vinyo wanga uja pambali pa tawny wotchipa wopanda nambala ya zaka, amene nthawi zambiri amakhala m'migolo zaka zitatu zokha. Mitundu yawo inali yoyandikana, koma wotchipayo anali wopepuka, wotsekemera basi, wopanda mtedza kapena lalanje, ndipo kusuluka kwa mtundu wake kunkaoneka kuti n'kobadwa nako osati kobwera ndi zaka. Kusiyana kwa mtengo pakati pa awiriwa kunali kochepa poyerekeza ndi kusiyana kwa kukoma, ndipo pa chifukwa chimenechi wa zaka 10 ndidzamugulanso, ngakhale ndikudziwa kuti kukhosi adzandiwotchabe pang'ono. Theka lotsala lili mufiriji, lotsekedwa bwino, ndipo popeza vinyoyu anazolowerana kale ndi mpweya ali m'mgolo, ndili ndi milungu inayi kapena kupitirirapo pang'ono yoti ndilimalize mosathamanga.