Maso anga achoke pa thupi langa

Maphunziro a uphunzitsi wa yoga amene ndikuchita kuno ku Johannesburg ndi aja a maola 200, muyeso umene bungwe la Yoga Alliance la ku America linakhazikitsa, ndipo masukulu ambiri amautsata. Timakumana kumapeto kwa sabata, popeza tonse ndife apantchito. Timaphunzira kaimidwe ndi kakhalidwe ka thupi kamene amati asana, kapumidwe kotchedwa pranayama, za mafupa ndi minofu, mbiri ya yoga, komanso kaphunzitsidwe. Zinazo munthu ukhoza kuloweza. Kaphunzitsidwe ndiye kandigwira pamtima, chifukwa kamafuna kuti uleke kudzisamala wekha, uyambe kuyang'ana mnzako.

Ukamachita yoga pawekha, umamva zonse: pamene pakukoka, pamene pakuwawa, pamene mpweya wathera. Ukaima kutsogolo kwa anthu sumva kanthu. Ululu wa munthu wina umangouona pa nsagwada zimene waluma, pa mapewa amene akwera kufika m'makutu, pa mpweya umene waugwira osadziwa. Aphunzitsi athu amatiletsa kuchita limodzi ndi ophunzira athu nthawi yonse. Amafuna tichoke pamphasa pathu, tizizungulira, tizilankhula mawu ochepa omveka, ndipo tisakhudze munthu tisanamupemphe. Lamulo lomalizali ndimaligwirizana nalo ndi mtima wonse, chifukwa sudziwa zimene thupi la mnzako lapitamo.

Mbiri yandithandiza kumvetsa zimenezi. Tirumalai Krishnamacharya, amene ankaphunzitsa ku Mysore m'dziko la India m'zaka za m'ma 1930, anatulutsa ophunzira osiyana kwambiri. Pattabhi Jois anapitiriza yoga yamphamvu, yotulutsa thukuta. Desikachar, mwana wa Krishnamacharya, ankalimbikira zoti kachitidwe kazisintha malinga ndi msinkhu ndi thanzi la munthu. Koma amene ndimamuganizira kwambiri ndi B.K.S. Iyengar, wobadwa mu 1918, yemwe ali mwana anadwala malungo, chifuwa chachikulu ndi taifodi. Munthu wokula modwaladwala chonchi ndi amene anadzatchukitsa kugwiritsa ntchito malamba, mabulangete, mipando ndi timatabwa, kuti wofooka ndi wokalamba nayenso athe. Sindikhulupirira kuti zinangochitika mwangozi. Ngakhale mu Yoga Sutra, buku lakale la yoga lolembedwa ndi Patanjali, asana ndi gawo limodzi chabe mwa magawo 8, ndipo chimene akufuna pamenepo n'chakuti munthu akhazikike komanso akhale momasuka. Za kupinda thupi mpaka anthu aombe m'manja mulibemo.

Kuti tikhoze, timayenera kuphunzitsa anthu enieni, osati anzathu a m'kalasi okha. Ine ndinapempha amayi anzanga ochokera kwathu ku Malawi, amene ambiri amagwira ntchito za m'nyumba. Apa ndi pamene ndaphunzira zambiri. Kukhala tambalale msana uli chiwongoke, kumene anzanga a mu ofesi amalimbana nako atakhalira bulangete, amayiwa amangokhala basi, uku akucheza. Kunyonyomala zidendene zili pansi, n'chimodzimodzi. Anakula akutero posankha nyemba ndi pophika. Koma ndikawauza kuti agone chagada akweze manja pamwamba pa mutu, mapewa amakana, khosi lili gwa, m'chiuno mukuwawa chifukwa chowerama tsiku lonse pokolopa ndi kusita. Ndondomeko imene ndinalemba m'kope sinawayenere, moti ndinaisintha: zotambasula miyendo ndinachepetsa, ndinawonjezera zotsegula chifuwa ndi zopumitsa msana.

Mayi wina wachikulire anandiuza tisanayambe kuti, "Mwanawe, ine ndili ndi bipi, komanso bondo ili limandivuta." Ndinayankha kuti, "Zikomo mwandiuza, amayi. Inu mutu usatsike kuposa mtima, ndipo bondolo musalikakamize. Tigwiritsa ntchito mpando." Anachita zonse atagwira mpando wapulasitiki, ndipo sanatsalire pa chilichonse. Izi n'zimene phunziro la za thupi limatikonzekeretsa: wodwala kuthamanga kwa magazi kapena matenda a maso aja a glaucoma asazondoke, mayi woyembekezera asagone chafufumimba kapena kupotokola mimba mwamphamvu, ndipo kupweteka kobaya m'mfundo ndi chizindikiro choti aleke pomwepo. Mphunzitsi wa yoga si dokotala, ndiye pamene pakufunika chipatala ndimanena mosabisa.

Funso la chipembedzo linabweranso, monga ndinkayembekezera. Mmodzi anafunsa kuti, "Asisi, kodi izi si za Ahindu?" Sindinafune kumunamiza kuti ndi masewera olimbitsa thupi chabe. Yoga inabadwira ku India ndipo mizu yake ili m'zikhulupiriro za kumeneko. Ndinamufotokozera zimene tizichita ife, kutambasula thupi, kupuma ndi kukhala chete, ndipo ndinati chimene chikumuvuta mumtima achisiye. Anasankha kumapemphera chamumtima pa nthawi yokhala chete ija, ndipo akubwerabe.

Chimene ndikulimbana nacho panopa ndi kutalika kwa mawu anga. Ndimafuna kufotokoza zonse, pamene munthu amene waima ndi mwendo umodzi amangofuna kumva chinthu chimodzi. Mayeso ophunzitsa pamaso pa aphunzitsi athu akubwera, ndipo ndapempha kuti andilole kubweretsa mpando m'kalasimo.