Chimenechi si chimbuya

Lachiwiri usiku. Nsima yazizira m'mbale, mtima wanga ukadali pa zimene ndaona m'mawa.

Ndinali pamzere pa ofesi ina muno m'tauni ya Chipata. Kutsogolo kwanga kunali ambuya ena, chitenje chotuwa ndi fumbi, reji yawo, chitupa cha boma chija, atayikulunga m'pulasitiki ya shuga. Anandiuza kuti achokera cha ku Mtenguleni, ndipo atatsika pasiteshoni ya basi ku Kapata anabwera wapansi kuti asunge yobwerera. Atafika pawindo, mtsikana wa mkatimo anawalankhula Chingerezi. Iwo anati, "Mwana wanga, sindinamve." Iye n'kubwereza Chingerezi chomwecho mokweza, ngati vuto ndi makutu. Kenaka pepala anachita kuwaponyera. Ambuya analitola ndi manja awiri, bondo litapindika.

"Sainani apa."

"Kulemba sinditha, ndidinda chala."

Mtsikana anatsonya. Anagwira chala chawo ndi nsonga za zala zake, n'kuchidinda, n'kupukuta dzanja pasiketi. Potembenukira kwa mnzake, tsopano m'Chinyanja chathu chomwechi, anati, "Anthu akumudzi awa akanangokhala kwawo n'kumakumba mbewa."

Mzere unaseka. Abambo ena kumbuyo kwanga anati, "Aa, ndi chimbuya chabe."

Mawu amenewo ndi amene akundiwawa mpaka pano. Ine chimbuya, kunyozana kosewera kwa mitundu yathu, ndakulira momwemo. Mnzanga wachibemba akandiona amafunsa kuti ndadya mbewa zingati, ine ndimamufunsa ngati kolwe, ndiye kuti nyani, wapsa, tonse n'kuseka mpaka misozi. Pamaliro a atate anga, Abemba ndiwo anakumba manda, kutipaka ufa kumaso, kutilipitsa ndalama, ndipo amayi anga anaseka koyamba tsiku limenelo. Makolo athu, Angoni ndi Abemba, anabayanapo ndi mikondo, pambuyo pake anasankha kumanyozana mosewera. Koma pachimbuya munthu umabwezera, pakamwa pako ndi potseguka. Ambuya aja akanabwezera bwanji, pepala lawo lili m'manja mwa mwanayo? Ndiponso mtsikanayo ndi wakonkuno, lilime lake landiuza. Mwina sukulu yake inalipiridwa ndi nsawawa ndi chimanga cha manja ngati omwe wawapukutira pasiketiwo.

February ikafika, ife tomwe timathamangira ku Mtenguleni ku Nc'wala, mwambo wa Angoni, zikopa kumutu, kujambulitsa ndi amayi omwewa akuimba nthungululu pamaso pa Inkosi ya Makosi Mpezeni, zithunzi mbwee pa Facebook. Nthawi ya kampeni amatchedwa "amayi athu", n'kupatsidwa zitenje. Akabwera m'tauni ndi vuto lawo, asanduka akumudzi. Ngakhale tikakangana pa ndale, chitonzo choyamba kutuluka ndi chomwechi: mbuli, wakumudzi, sunapite kusukulu.

Ine sindinaseke. Koma sindinanenenso kanthu. Nalonso pepala langa limapita pawindo lomwelo, ndiye ndinangoyang'ana pansi. Mawu anali pakhosi, ndinawameza, ndipo mtsikanayo ine anandimwetulira n'kunditcha "amadamu".

Potuluka ndinawapeza atakhala pamthunzi, akupukuta chala ndi nsonga ya chitenje. Ndinagwada n'kuwapatsa moni. Anandiyankha bwinobwino, n'kundifunsa za ana kunyumba, kenaka n'kufunsa njira yachidule yopita ku Kapata. Za pawindo sanatchule n'komwe, nanenso ndinasowa poyambira. Ndinangowaloza njira.

Inki ija pachala inali isanachoke. Sindinawafunse ngati anadya kanthu chichokereni kumudzi.