Lipoti la ulendo wa ku Lusaka: mmene amayesera mankhwala a chifuwa pa mbira

Gulu lathu la asing'anga linanyamuka ku Chipata mbandakucha, kudzera ku Katete, Petauke ndi Nyimba, titanyamula masamba a gwafa ndi a bulugamu komanso khungwa la mango. Tinkafuna kukaona ku labotale mmene amadziwira ngati mtengo ukuletsadi kukhosomola.

Masamba amayanikidwa pamthunzi, chifukwa dzuwa limauluza mafuta onunkhira a bulugamu. Akauma amasinjidwa, kenaka magalamu 100 a ufawo amaviikidwa mu lita imodzi ya ethanol, womwe ndi mowa wamphamvu wa ku labotale, masiku 3. Amasefa n'kuumitsa pa kutentha kosapitirira madigiri 40, mpaka patatsala phala lomata.

Choyamba amaona ngati phalalo si poizoni: amamwetsa makoswe ochepa mpaka mamiligalamu 2,000 pa kilogalamu ya kulemera kwa khoswe n'kuwayang'anira masiku 14.

Chifuwa chenichenicho amayesera pa mbira, popeza zimakhosomola mofanana ndi munthu. Amaziika m'magulu, mbira 6 pa gulu lililonse. Gulu lina limamwa madzi okha, lina codeine, mankhwala a kuchipatala oletsa kukhosomola, ena atatu phala lija pa milingo yosiyana. Mlingo umatsata kulemera: mbira ya magalamu 400, pa mlingo wa mamiligalamu 200 pa kilogalamu, imalandira mamiligalamu 80. Ife timati "kadzanja kamodzi", koma madzanja amasiyana. Pakatha ola limodzi, mbira imalowa m'kabokosi koonekera, amapoperamo nthunzi ya citric acid, asidi yemwe amapezeka m'mandimu, n'kuwerenga kukhosomola kwa mphindi 10.

Pa kuwerengapa m'pamene zimasokonekera. Kuyetsemula kumafanana ndi kukhosomola, choncho pamafunika khutu lozolowera, ndipo wowerengayo sauzidwa kuti mbira iyi yamwa chiyani. Mbira ikapoperedwa pafupipafupi imazolowera n'kuchepetsa yokha kukhosomola, munthu n'kutamanda mtengo wosagwira. Palinso mitengo imene imangofoola nyama. Mbira yoodzera sikhosomola kwambiri.

Chimene tikufuna mamembala amvetse n'chakuti mayesowa amaonetsa kuletsa kukhosomola basi, osati kupha kachilombo. Wodwala amene wakhosomola milungu iwiri, akuonda ndi kutuluka thukuta usiku, tizimutumiza kuchipatala akayezetse makhololo, chifukwa mwina ndi TB.

Ulendo wina tikapite ndi nthambi yokhala ndi maluwa kapena zipatso, titalemba malo ndi mwezi umene tinathyola. Khungwa lokha anakana kulilandira, poti silikwanira kutsimikizira dzina la mtengo.