Momwe ndinapezera chilolezo chokonza nyumba ya makolo ku Ulongue

Nyumba ya malemu bambo ili m'bairro (dera la m'tauni) ina yakale ku Ulongue, m'boma la Angónia. Ndi ya njerwa zootcha, khonde lalitali, kuseri kuli mapichesi. Titafuna kuwonjezera zipinda, ndinayamba ndi mapepala, chifukwa kuno ku Mozambique malo onse ndi a boma. Munthu amangokhala ndi ufulu wowagwiritsa ntchito, womwe timati DUAT, malinga ndi lamulo la malo la 1997.

Pepala la DUAT tinalibe. Koma lamulolo limamuzindikira nzika imene yakhala pamalo mwachilungamo zaka zosachepera 10, ndipo umboni wa anansi umamveka. Ndinapita kwa a sekeletale a bairro, iwo n'kuitana agogo awiri oyandikana nafe. Agogowo analoza malire onse pamtima, kuyambira pamtengo wa mango mpaka pachulu, ndipo kalata yaumboni inalembedwa.

Kalatayo, fotokope ya BI (chiphaso cha unzika), pempho lolemba m'Chipwitikizi ndi pulani ya nyumba ndinakazisiya ku Conselho Municipal (khonsolo ya tauni), poti Ulongue ndi munisipiyo kuyambira 2008. Mukalipira chilichonse, risiti muzisunga.

Nkhani inakula tsiku limene oyeza malo anabwera. Achimwene ankafuna kuti khonde ligwetsedwe, pamangidwe golosale yofika mumsewu, mpanda uzungulire konse. Woyezayo anawayankha mofatsa kuti, "Bambo, dera lino ndi la nyumba zokhalamo. Kutsogoloku musiye mpata, ndipo kanjira aka musakatseke." Kanjirako amayi amadutsamo popita kumjigo, ana popita kusukulu. Ine ndinagwirizana naye ndi mtima wonse. Ndaona misewu ina imene aliyense wakankhira khoma lake kutsogolo: mthunzi unatha, madzi a mvula amasowa kolowera, maliro akagwa anthu amasowa pokhala. Kwathu anthu amasonkhana pansi pa mango aja, ndipo munthu ali pakhonde amapereka moni kwa odutsa. Zimenezi sindikanalola kuzigulitsa chifukwa cha lendi ya golosale.

Tinakambirana pabanja mpaka achimwene anavomera. Wojambula anakonzanso pulani, zipinda zinapita kuseri, denga likhale lofanana msinkhu ndi lakale. Chilolezo chitatuluka ndinakawaonetsa a sekeletale ndi anansi kuti pasadzabuke mkangano, ndipo amisiri anayamba kukumba maziko mvula itangosiya.