Makoswe pa khola la nkhuku ndi nkhunda: yambirani pansi

Khoswe amakhazikika pa khola chifukwa wapezapo zinthu zitatu: madeya otayika, madzi ndi pobisala. Ameza tameki lero afa khumi, koma ngati zitatuzi zikadalipo, mwezi usanathe abwera ena. Wamkazi amatenga bere masabata atatu okha n'kuswa ana 6 mpaka 10, ndipo anawo amayamba kuswana ali ndi miyezi itatu. Ndi mankhwala okha simungapikisane ndi liwiro limeneli.

Choyamba dziwani amene mukulimbana naye. Khoswe wa m'nyumba ndi katswiri wokwera: amatsata mitanda ya denga, nthambi za mango ndi zingwe zoyanikira zovala, ndipo ndiye amatha mazira ndi maunda usiku. Mbewa za kumunda monga kapuku zimalowera pansi, makamaka anthu akakolola ndi kutentha tchire. Bwampini amasiya una waukulu woti mkono n'kulowa. Mfuko ndi ina nkhani. Iyo sifuna chakudya cha nkhuku, imadya mizu ndi mbatata, ndipo mudzaidziwa ndi timilu ta dothi topanda khomo. Vuto lake n'lakuti njira zake zimafewetsa maziko, ndipo makoswe ndi njoka zimadzapeza polowera pokonzeratu.

Madzulo wazani phulusa losefa m'mbali mwa khoma, ndipo una uliwonse muutseke ndi pepala lofwanyafwanya. M'mawa phulusa lidzakuonetsani mipita, ndipo una umene pepala lachotsedwa ndiwo muli mwini wake. Pakadali pano musavutike ndi mauna enawo.

Tsopano waya, pamene ndalama za oweta ambiri zimatayikira. Waya wa nkhuku uja wa maso a makona asanu ndi imodzi ntchito yake ndi kutsekera nkhuku kuti zisatuluke, basi. Maso ake ndi aakulu, ndi wopyapyala, ndipo akakhudza dothi amachita dzimbiri msanga. Khoswe wamng'ono amadutsa pa bowo la mamilimita 12, mbewa pa mamilimita 6, pongokwana pensulo. Pamafunika waya wowotcherera wa timaso ta makona anayi ta mamilimita 6, wosachita dzimbiri. Ndi wodula, n'zoona. Ngati thumba silikulola kukuta khola lonse, ikani pansi ndi mita imodzi ya m'munsi mwa khoma, kenako kutani chipinda cha anapiye ndi moikira mazira.

Kakwiriridwe kake ndi motere. Kumbani ngalande kuzungulira khola kunja, yakuya masentimita 45 mpaka 60, mulifupi masentimita 30. Tsitsani waya kuchokera pa khoma kufika pansi pa ngalandeyo, mumupinde kuti masentimita 30 omalizawo agone moloza kunja, osati m'kati. Chifukwa chake n'chakuti khoswe amayamba kukumba patsinde penipeni pa khoma. Akatsika n'kugunda waya wogona uja, saganiza zobwerera m'mbuyo kukayambira patali. Waya wongoimika chilili amangomudutsa kunsi. Polumikiza mawaya awiri, asanjikizane masentimita 10 ndipo mumange ndi waya wofewa pa masentimita 10 aliwonse. Kwirirani mukutsendera dothi, pamwamba muthire miyala.

Amene angathe kuwaka pansi ndi simenti achite bwino koposa: muyeso umodzi wa simenti, iwiri ya mchenga, inayi ya miyala, kuchindikala masentimita 8 mpaka 10. Kasimenti kongopaka pamwamba pa dothi kamang'aluka, ndipo pansi pake pamasanduka nyumba yabwino ya makoswe imene simungaifikire ndi khasu. Chitseko nacho anthu amachiiwala. Mpata wa pansi pake usapitirire mamilimita 6, ndipo khomerani kachidutswa ka lata m'munsi mwake, poti thabwa amaliwengula usiku umodzi.

Khola la nkhunda la pa mitengo lili ndi mwayi. Nzeru ija a zaulimi amalangiza pa miyendo ya nkhokwe imagwiranso pano: dulani lata, mulipinde ngati chipewa choyang'ana pansi, mulikhomere pa mzati uliwonse pa msinkhu wa mita imodzi, m'mphepete mwake mutalikire mzatiwo masentimita osachepera 20. Mzati umodzi mukausiya, ntchito yonse yapita pachabe. Makwerero musawasiye otsamira pa khola, ndipo sadzani nthambi zonse zoyandikira denga.

Za chakudya n'zachidule. Dzuwa likamalowa chotsani zodyera ndi zomwera, sesani zotayika, tolani mazira. Madeya ndi chakudya chogula sungani mu mgolo wachitsulo wa chivundikiro. Thumba ndi ndowa ya pulasitiki amaboola. Lambulani udzu mita imodzi kuzungulira khola, ndipo milu ya njerwa, nkhuni ndi mapesi ipite kutali.

Njala ikawagwira makoswe ndi pamene misampha imagwira. Khoswe amakayikira chinthu chachilendo, choncho ikani misampha ili ndi nyambo koma yosatchera kwa masiku atatu, tsiku lachinayi mutchere yonse pamodzi. Khola laling'ono limafuna misampha 6 kapena 10, osati umodzi. Nyambo yabwino ndi chiponde kapena usipa wootcha womangirira ndi ulusi kuti asangoutola. Msampha ukhale pa mpita, mbali ya nyambo itagunda khoma, ndipo muuvundikire ndi bokosi la timabowo tiwiri kuti nkhuku isapisemo mutu. Diwa limagwiranso bwino, koma kunja kwa khola kokha, ndipo m'mawa muzilitchula anapiye asanatuluke.

Mankhwala akhale omaliza. Tameki wogulitsidwa m'timapepala pamsika ayi ndithu: anapangidwira mbewu za kumunda, ndipo pang'ono pokha amapha nkhuku, galu, ngakhale mwana. Mankhwala ovomerezeka a m'masitolo a zaulimi ambiri amaletsa magazi kuundana, ndipo khoswe amafa patapita masiku 3 mpaka 7, ndiye musati sakugwira n'kuwonjezera muyeso. Ikani nyambo yake pakati pa paipi ya pulasitiki yotalika theka la mita, yomangirira pansi, kunja kwa khola. Mitembo muzitola m'mawa uliwonse, chifukwa mphaka kapena kadzidzi akaidya nayenso amadwala, pamene kadzidzi ndi mlonda waulere amene amagwira makoswe usiku wonse, kaya anthu amunenera zotani. Auzeninso anyamata okumba mbewa kuti dera limenelo mwaikamo mankhwala, asakadyetse anthu ndiwo za poizoni.

Khoswe wakufa musamugwire ndi manja. Valani jumbo m'manja, mukwirire mozama kapena mutenthe. Mtembo ukazizira utitiri wake umadumphira pa munthu, ndipo utitiri umenewu ndiwo umafalitsa mliri wa makoswe, umene unagwira anthu ku Nsanje mu 2002. Mauna amene atsala opanda eni ake agumuleni ndi khasu, muthiremo miyala ndi matope a simenti, kenako mubwereze za phulusa zija pakatha masabata awiri, komanso mvula yoyamba ikagwa, pamene madzi amathamangitsa mbewa m'minda.