Kuimika kachidole kodumpha ndi mwendo umodzi

Kachidole kankhondo kotalika pafupifupi 28mm, ngati timene amaseweretsa pa masewera a pa tebulo a Warhammer, kakakhala kothamanga kapena kodumpha, kamakhudza pansi ndi chala chimodzi basi. Guluu yekha sangakagwire, makamaka kakakhala kachitsulo. Super glue amagwira zolimba mukamakoka molunjika, koma kachidole kakagundidwa cham'mbali amathetheka ngati galasi. N'chifukwa chake ine ndimakalowetsa waya m'mwendo.

Ndisanaboole, ndimayamba ndaona kumene kulemera kwagwera. Ndimakaimika pa kambale kake, kamene osewera amati base, n'kukagwiriza ndi phala lomata la Blu Tack. Chifuwa cha kachidole chiyenera kukhala pamwamba pa pakati pa base, osati phazi. Apa m'pamene ambiri amalakwa: amaika phazi pakati, thupi n'kupendekera kutsogolo, ndiye kachidole kamangogwa chafufumimba pa tebulo. Ngati kakuthamangira kutsogolo, phazi ndimalibwezera kumbuyo, pafupi ndi mphepete.

Poboola ndimagwiritsa ntchito kachiboolero kamanja kotchedwa pin vise, ndi nsonga ya 0.8mm kapena 1mm. Chiboolero chamagetsi ayi, chimasungunula pulasitiki ndipo chimathamanga kuposa dzanja. Ndimayamba ndi kukanda kadzenje ndi nsonga ya mpeni pansi pa chidendene kuti chiboolero chisatsetsereke. Kenako ndimaboola molunjika m'kati mwa mwendo, kutsatira fupa, mpaka 4mm kapena 5mm. Pa akakolo m'pamene pali ngozi chifukwa m'popyapyala. Ndimapotokola kangapo, n'kutulutsa chiboolero kuchotsa zinyenyeswa, n'kuyang'ana mbali zonse ziwiri. Pulasitiki ikayamba kuyera pambali, ndiye kuti nsonga yatsala pang'ono kutulukira, ndipo ndimaimira pomwepo. Ngati kachidole ndi ka resin, mtundu wina wa pulasitiki, fumbi lake ndi loopsa kulipuma, choncho ndimanyowetsa malowo kaye.

Waya wake ndi wamkuwa wofanana kukula ndi bowo. Kawaya kopanira mapepala kamagwiranso ntchito, kungoti n'kolimba podula. Ndimadula wotalikirapo, ndimamukanda ndi sandipepa kuti guluu agwire, n'kumumata m'mwendo. Kunsonga yotsalayo ndimapakako kadontho ka penti n'kugunditsa pa base, chizindikirocho chimandionetsa poboola. Waya akatulukira kunsi, ndimamupinda ndi pulayazi ngati chilembo cha L n'kumugoneka pansi pa base. Waya wowongoka amalola kachidole kuzungulira, wopindidwa salola. Ndimamukwirira ndi guluu wa epoxy wosakaniza pawiri, kapena Green Stuff, phala lachikasu ndi labuluu lokanda mpaka likhale lobiriwira. Limeneli ndimalisiya tsiku lathunthu kuti liume.

Kakamagwabe, ndimamata washala wachitsulo kunsi kwa base. Wa 20mm amalowa bwino pa base ya 25mm, bola asatulukire kupitirira mphepete, apo ayi kachidole kamagwedera. Phazi likakhala m'mwamba kwambiri, ndimaliikira kamwala kopangidwa ndi cork, khungwa la mtengo lotsekera mabotolo, n'kudutsitsa waya m'kati mwake mpaka kunsi. Cork yokha ndi yofewa, singanyamule kanthu.

Tizidole touluka timakhala pa kandodo koonekera ka pulasitiki ya acrylic. Pamenepo super glue ndimathira kadontho kochepa kwambiri, n'kuumitsa pamalo opita mphepo, chifukwa nthunzi yake imachititsa kandodoko kuyera ngati kathiridwa ufa.