Kapuloteni kamene kandigonetsa mochedwa sabata ino

Anzanga, sabata yonse ino ndakhala ndikugona mochedwa chifukwa cha jini imodzi basi (jini ndi kachidutswa ka DNA kokhala ndi malangizo opangira puloteni), dzina lake CKAP4. Ndinakumana nayo ndikuwerenga za mmene selo limaonekera mkati, ndimati ndingoisuzumira pang'ono kenako ndipitirire, koma ayi ndithu yandigwira mtima, ndiye ndati ndilembe pano mwina wina aikondanso.

Jiniyi ili pa chromosome 12, umodzi mwa mitolo ya DNA ya m'selo, mwa munthu aliyense, inu ndi ine tonse tili nayo. Imapanga puloteni ya ma amino acid (tinjerwa tomangira mapuloteni) 602, kulemera kwake ma kilodalton 63 (muyeso wa kulemera kwa mapuloteni), nchifukwa chake poyamba ankangoti p63, kenako CLIMP-63. Musasokoneze ndi p63 ina yotchuka ija ya jini ya TP63 pa chromosome 3, imeneyo ndi ina, zangofanana dzina. Yathuyi anaifotokoza koyamba mu 1993 mu labu ya Hans-Peter Hauri ku Basel, m'dziko la Switzerland.

Ine kale ndinkaganiza kuti selo ndi kathumba ka madzi momwe zinthu zimangoyandama mwachisawawa, koma si choncho, selo lili ndi mafupa ake, timizati ndi tizingwe tomwe amati cytoskeleton, ndipo tina mwa timeneti ndi timachubu totchedwa ma microtubule. Mulinso endoplasmic reticulum, ambiri amangoti ER, timatumba tophwatalala tosanjikizana pomwe mapuloteni ambiri amapangidwira. Ndiye kapuloteni kathu aka kanabooleza nembanemba ya ER, mchira wake waufupi, ma amino acid ongopitirira 100, uli kunja wagwira microtubule kuti ER isamangopita kulikonse, mbali yaitali ili mkati mwa thumbalo ndipo imakolana ndi zinzake nkukhala ngati mzati wotchinjiriza kuti makoma awiriwo asaphwanyikire pamodzi. Mu 2010 gulu la Tom Rapoport ku Harvard linachotsa puloteniyi m'maselo, mpata wa mkati mwa thumba unachepa kuchoka pa ma nanomita pafupifupi 50 kufika cha mma 30. Tangoganizani, nanomita miliyoni imodzi ndiye zikwane milimita imodzi, koma thupi limasamala mpaka kampata kameneko. Ndipo selo likafuna kugawikana limamata kachizindikiro kotchedwa phosphate pa mchira uja, puloteni nkusiya microtubule kuti zinthu zisunthe bwinobwino.

Zikanathera pomwepo bwenzi ndikugona nthawi yabwino. Chomwe chandizunguza mutu ndi choti puloteni yomweyi imapezekanso kunja, pa nembanemba yokuta selo lonse, ndipo ikafika kumeneko ntchito ya mzati ija imaisiya, imasanduka yolandira uthenga. Kamafuta kena kotchedwa palmitate kakamatidwa pa amino acid ya nambala 100, yotchedwa cysteine, kamathandiza nawo pa za komwe puloteniyi ikakhale. M'mapapo imalandira surfactant protein A, puloteni ya m'timadzi tokuta mkati mwa mapapo, pa maselo a m'mitsempha ya magazi imalandira tPA, puloteni yothandiza kusungunula magazi oundana, ndipo mu 2006 anapeza kuti m'chikhodzodzo imalandira kanthu kotchedwa APF kamene kamapezeka mu mkodzo wa odwala interstitial cystitis, matenda opweteka kwambiri, ndipo kanthuka kamaletsa maselo a m'chikhodzodzo kuchulukana.

Koma nkhani yomwe ndaibwereza kangapo ndi ya khansa. Pali puloteni ina, DKK1, yomwe kwa nthawi yaitali inkadziwika ngati buleki, imatseka njira ya Wnt yomwe imauza maselo kuti chulukanani, ndiye aliyense akanayembekezera kuti DKK1 ikachuluka chotupa chizifooka, koma madokotala ankaona zosiyana, mu zotupa zina DKK1 inali yambiri ndipo odwalawo ndi amene zinkawavuta kwambiri. Buleki bwanji ikuthamangitsa galimoto? Mu 2016 gulu la Akira Kikuchi ku Osaka University ku Japan linaonetsa kuti DKK1 ili ndi khomo lina lolowera, ndipo khomolo ndi CKAP4 ya pamwamba pa selo. Ziwirizi zikagwirana zimadzutsa njira ina yotumizira uthenga m'selo, ya PI3K ndi AKT, maselo nkuyamba kuchulukana. Anaziona mu khansa ya kapamba (pancreas) ndi ya m'mapapo, ndipo odwala amene zotupa zawo zinali ndi zonse ziwiri, DKK1 ndi CKAP4, matenda awo ankayenda moipa kuposa ena. Atapereka antibody (puloteni ya chitetezo cha thupi yomwe imamatirira pa chinthu chimodzi chokha) yotseka CKAP4 kwa mbewa za mu labu, zotupa zinachepa kukula.

Apa ndiyankhule mosabisa, zimandiwawa anthu akamatenga nkhani ya mbewa nkumalemba pa Facebook kuti mankhwala a khansa apezeka, chifukwa amene akuwerenga mwina ali ndi mayi awo kuchipatala ndipo akugwira mawu aliwonse ndi manja awiri. Mbewa si munthu, njira yake ndi yaitali. Komabe pali chimodzi chomwe chimandipatsa chiyembekezo ndikachiganizira. Antibody ndi chinthu chachikulu, sichilowa mkati mwa selo wamba, ndiye CKAP4 ya mu ER ija yomwe ikugwira ntchito yake ya mzati mwakachetechete singaikhudze, ingofikira yokhayo yomwe yatulukira pamwamba nkumalandira uthenga wa DKK1. Jini ndi imodzi, puloteni ndi imodzimodzi, chosiyana ndi pomwe yaima basi.

Usiku uno ndikupitiriza ndi mbali ya impso, chifukwa mu 2010 momwemo ena anaonetsa kuti gentamicin, mankhwala opha mabakiteriya aja omwe amadziwika kuti amatha kuvulaza impso, amamatirira pa CLIMP-63, CKAP4 yathu yomwe ija, mkati mwa maselo a timachubu ta impso, ndipo ndikufuna ndimvetse bwinobwino chomwe chimachitikira ER ya maselo amenewo mankhwalawo akafika pa mzati uja.